Makalata a Omvera: Khirisimasi yoyamba m'banja

Mwaswera bwanji nonse amene mwatchera khutu madzulo ano, kuyambira ku Muloza, Limbuli, Chitakale ndi Chonde, kudutsa Luchenza mpaka ku Bvumbwe ndi ku Thekerani. Kuno mvula yangokata kumene, phiri lavundukuka, ndipo patebulo panga pali mulu wa makalata. Sabata yatha ndidapempha kuti amene mwangolowa kumene m'banja mutiuze zimene zikukusowetsani tulo pamene Khirisimasi yayandikira. Mwalemba ndithu. Ndasankhapo anayi, ndipo monga mwa nthawi zonse maina sinditchula.

Yoyamba yachokera ku Chisitu.

"Zikomo amayi. Ine ndine mnyamata wa zaka 26. Kwathu ndi ku Thekerani koma ndidakwatira kuno mu Ogasiti chaka chino, ndipo ndili pachikamwini. Amayi anga atumiza uthenga kuti Khirisimasi tikadyere kwathu, akuti abale akamuone bwino mpongozi wawo poti paukwati padali piringupiringu. Koma apongozi anga kuno adasunga kale tambala, akuti ndi wa ife. Mkazi wanga sadadyepo Khirisimasi kutali ndi mayi ake, ndipo ndikangoiyamba nkhaniyi amangoti zii. Ndikapita kwathu ndikhumudwitsa apongozi, ndikakhala ndikhumudwitsa amene adandibereka. Ndichite bwanji?"

Achimwene, poyamba ndikuthokozeni chifukwa simudagamule nokha. Amuna ambiri akadangodzuka pa 24 n'kunena kuti longedza, tikupita. Kuti zii kwa akazi anuko musakutenge ngati kukana. Kawirikawiri amakhala mantha a mwana wamkazi amene akudziwa kuti akakafika kwanuko maso onse adzakhala pa iye: mmene akugwadira, mmene akupakulira, ngati mpunga wake wapsa bwino kapena wachita phala. Khalani naye pansi usiku anthu atagona, mumufunse chimene akuopa. Mwina mupeza kuti nkhani si ya mayi ake n'komwe.

Tsono taonani kalendala. Pa 25 ndi tchuthi, pa 26 ndi tchuthinso. Kuchoka ku Chisitu kukafika ku Thekerani si pafupi, mumakwera kangapo, ndipo nyengo ino mitengo ya minibasi ndi kabaza imakwera. Musayese kudya mpunga kuno m'mawa ndi uko madzulo tsiku lomwelo, mudzathera tsiku lonse pamsewu mvula ikukukunthani. Ine ndikadakhala inu, chaka chino ndikadadya tambala wa apongoziyo pa 25, popeza ndi pamene mukukhala ndipo ulemu wa mkamwini umaonekera pa zoterezi. Pa 26 m'mamawa n'kunyamuka kukagona kwanu masiku awiri kapena atatu. Chaka chamawa mudzatembenuze, pa 25 ku Thekerani, pa 26 ku Chisitu. Amayi onse awiri muwauze zimenezi panopa, osati pa 24 tambala atamangidwa kale miyendo.

Pali chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wanga wonse. Pokawauza amayi anu, musanene kuti "mpongozi wanu wakana." Mawu amenewo safufutika. Mudzabereka ana, anawo adzakula, amayi anu akukumbukirabe. Nenani kuti "tagwirizana." Ngati pali kudandaula kugwere nonse awiri. Mukaona kuti nkhani yalimba, ankhoswe aja si a milandu yokha, amathandizanso kufewetsa uthenga ngati umenewu.

Popita musavutike ndi zodabwitsa. Shuga, mchere, sopo, kabotolo ka mafuta ophikira, ndi zinanazi zathu za ku Mulanje zimene zili mbwee m'mbali mwa msewu. Katunduyo apereke ndi akazi anu, ndi manja awo, atagwada. Inu m'mawa mwake mutenge khasu mukathandize amayi kupalira. Mwezi uno udzu umathamanga kuposa chimanga, ndipo mizere imene wapalira mwana wawo adzaikumbukira shuga uja atatha kalekale.

Kalata yachiwiri yandikhudza kwambiri, ndipo ndichedwapo pang'ono.

"Amayi, ine ndi amuna anga tonse timatchola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Tatha chaka ndi miyezi itatu m'banja, mwana sitidakhale naye. Anzathu oyandikana nawo nyumba ayamba kale kugula makireti a zakumwa ndi zovala zatsopano. Ife ndalama imene tagawana ku banki mkhonde tagulira feteleza woti tikathire kumunda kumudzi. Amuna anga akuti titenge katapila kuti nafenso tioneke ngati anthu. Ine mtima ukukana, koma sindifunanso kuti tsikulo lidzangodutsa ngati tsiku wamba. Tingachite chiyani chosalira ndalama zambiri?"

Achemwali, mtima wanuwo ukunena zoona, ndipo pogula feteleza mudachita bwino. Chimanga chikamera, pakatha masabata atatu chimafuna wobereketsa, ndipo sichidikira munthu. Katapila mudzambweza mu Januwale ndi chiwongoladzanja chimene tonse tikuchidziwa, mwezi umene ufa umakhala utatha m'nyumba zambiri, chimanga pamsika chili pamwamba. Komanso inu mukudziwa kuposa ine kuti ino ndiyo nyengo imene tiyi amaphukira kwambiri. Kuyambira mvula ikakhazikika mu Disembala mpaka cha mu Epulo, dengu limadzaza msanga ndipo makilogalamu amachuluka pasikelo. Thukuta la miyezi imeneyi, mukutchola mvula ili pamsana, lisapite kwa wakatapila chifukwa cha kireti yotha tsiku limodzi. Bambowo musawanyoze, chimene chikuwapweteka ndi manyazi oti akulephera kukusangalatsani. Auzeni mofatsa kuti inu simudadandaule, ndipo muwaonetse zimene mwakonza m'malo mwake.

Ndikuuzeni za kwathu. Khirisimasi yoyamba ine ndi bambo akunyumba tidadyera ku Bvumbwe, m'kanyumba kalendi ka chipinda chimodzi. Tidali ndi nkhuku imodzi yachikuda, mpunga wokwana anthu awiri, ndi chimera chimene amayi adanditumizira. Pa 23 ndidaphika phala la mgaiwa mumphika waukulu. Litazizirako mpaka poti chala n'kupirira, ndidathira chimera, bambo akutakasa ndi mthiko mpaka phala lija lidasungunuka n'kukhala madzimadzi. M'mawa mwake tidaliwiritsanso n'kuliika pakona, thobwa lathu lidali limenelo. Pa 24 usiku mvula idagwa yamphamvu, pamalata pali phokoso loti mawu osamveka. Tidayatsa koloboyi, tidakhala pamkeka mophathikana kuti timvane, bambo n'kutsegula Luka mutu 2, kuyambira ndime 1 mpaka 20. Ndime imodzi iwo, yotsatira ine. Titafika paja akuti adamgoneka modyera ng'ombe chifukwa adasowa malo m'nyumba ya alendo, tonse tidakweza maso n'kuyang'ana kachipinda kathu kaja. Ife malo tidali nawo.

Tsiku lakelo titabwera kutchalitchi, nkhuku itapsa, ndidatenga nthutumba n'kuika m'mbale mwawo, monga tidalangizidwira kuti imeneyo ndi ya abambo. Iwo adatenga mpeni, adaidula pakati, theka n'kuika m'mbale mwanga. Sadanene kanthu. Lero ana athu adakula, ena ali pabanja, koma pa 24 usiku timawerengabe Luka 2 mosinthana, ndipo nthutumba ya Khirisimasi imadulidwabe pakati.

Nchifukwa chake ndikuti, achemwali, sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu zoti mungathe kuzibwereza chaka ndi chaka, ndalama ilipo kapena palibe. Zimenezo ndizo zimasanduka mwambo wa pakhomo panu, umene ana anu adzaupeze. Kireti chaka china idzapezeka, chaka china ayi. Koma thobwa mungathe. Zitumbuwa mungathe, nthochi zakupsa kwambiri zija mwasinja ndi mgaiwa n'kukazinga. Mango ali ponseponse. M'mawa tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini, masana bawo pakhonde inu ndi amuna anu, wopambana asatsuke mbale. Ngati ndinu a Katolika pitani limodzi ku Misa ya usiku wa pa 24. Ngati ndinu a CCAP kapena mpingo wina, kaonereni sewero la ana a Sande sukulu, abusa atafunda zitenje za amayi awo, ndodo zili m'manja. Ndipo popakula mupatule kambale ka agogo kapena wodwala amene muli naye pafupi, mukapereke nonse awiri. Ana akabwera pakhomo kudzapempha Khirisimasi bokosi, chitumbuwa chimodzi aliyense chakwana.

Nkhuku ikavuta chaka chino, gwirizanani ndi banja lina mugawane imodzi. Chaka chamawa mudzagule kamsoti mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, mudzakalandiritse katemera wa chitopa, uja wodontheza m'diso, poti matendawa amasesa nkhuku nyengo yotentha. Pofika Disembala simudzayang'ananso kumsika.

Wachitatu ndi uthenga wa pa WhatsApp wochokera ku Chitakale.

"Amayi, ine ndimagwira ntchito mushopu ndipo ndikufuna kumusangalatsa mkazi wanga. Munthu wina wandilonjeza nthambi ya mkungudza kuti tikongoletse pabalaza monga timaonera pa TV. Ndikufunanso ndipite naye ku Dziwe la Nkhalamba pa 26, poti iye kwawo ndi ku Lilongwe ndipo sadafikeko. Mukuona bwanji?"

Achimwene, ulendowo ndauvomera, koma nthambiyo ndaikana. Mkungudza wa Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo mwachilengedwe umamera paphiri lathu lokhali padziko lonse lapansi. Amene mudakwerako zaka zapitazi mukudziwa kuti mitengo ikuluikulu ija idatha ndi macheka ndi moto, ndipo anthu akuvutika kubzala mbande kuti mtunduwo usafe. Mtengo wotere sitingaudule nthambi chifukwa cha pabalaza pa masiku atatu, komanso kudula m'nkhalango yotetezedwa ndi mlandu. Mukafuna kukongoletsa, nthambi ya paini kapena ya mtengo wa pakhomo yakwana, muiike m'chitini cha mchenga, mupachikepo mabaluni ndi mapepala amitundumitundu amene mwadula nonse awiri.

Koma ine ndikupatsani mtengo wa Khirisimasi woposa umenewo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndiye kuti Khirisimasi ili m'kati mwake, nthaka ili yonyowa. Gulani mbande ya peyala kapena ya mango yomezanitsa. Inu mukumbe dzenje, akazi anu aikemo mbande, nonse mukwirire. Ngati muli palendi, kabzaleni kumudzi. Chaka chamawa ina, chaka chinacho inanso. Yomezanitsa imayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, choncho mwana wanu woyamba adzatola zipatso za mtengo umene mudabzala Khirisimasi yanu yoyamba.

Za ku dziwe, nyamukani m'mawa mukafike ku Likhubula dzuwa lisadakwere, ndipo mutenge wolondolera alendo wa pomwepo. Nyamulani chinanazi, zitumbuwa ndi madzi akumwa, mowa usapite nawo. Koma mvetsetsani kuti lino ndi dzinja. Kumtunda kutha kugwa mvula yamphamvu inu kumunsi muli padzuwa, ndipo madzi amafika mosagogoda. Mukaona mitambo yakuta phiri, kapena madzi ayamba kufiira n'kumabwera ndi zinyalala, chokani mumtsinje nthawi yomweyo. Miyala ndi yoterera, dziwelo ndi lakuya ndiponso lozizira, wosadziwa kusambira akhale m'mphepete. Ife akuno tidaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, zimene madzi otsika m'phirili amachita. Za ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, mungomusimbira chabe chaka chino, ulendo umenewo ngwa m'chilimwe.

Yomaliza ndi yaifupi, yachokera ku Goliati.

"Amayi, amuna anga adapita ku Johannesburg patangotha miyezi inayi chikwatiraneni, ndipo alephera kubwera. Ndikukhala ndi apongozi. Ndikamva anthu akukamba za Khirisimasi misozi imalengeza."

Mwana wanga, misoziyo musachite nayo manyazi. Nthawi ya kuno ndi ya ku South Africa ndi imodzi, choncho panganani ola. Bandulo mugule pa 23, foni mutchajiretu poti nyengo ya mvula magetsi amathimathima. Pa 24 usiku muimbirane, muwerenge Luka 2 mosinthana, iwo ndime yawo uko, inu yanu kuno. Pa 25 nthawi ya chakudya muimbenso, ndipo foni muwapatseko apongozi alankhule ndi mwana wawo, poti nawonso akumusowa ngakhale sanena. Masana musadzitsekere m'nyumba, pitani nawo kutchalitchi, muphike nawo. Mbande ija nanunso bzalani, muijambule, muwatumizire bambowo, ndipo mwezi uliwonse muziwatumizira chithunzi china aone pamene yafika.

Nthawi yatithera. Makalata otsalawa ndidzawerenga sabata yamawa. Inu achimwene a ku Chisitu, mukabwerako ku Thekerani mudzatilembere, timve mmene amayi adamulandirira mpongozi wawo.