Mawu a m'mawa: pa dothi, madzi, mphepo ndi moto, moto ndi umene Mulungu anatisiira m'manja

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo, a pa boma pano pa Salima, a ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Khombedza, mpaka anzathu a ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa uko. Tiyamike Mulungu kuti kwatichera.

Mawu athu lero ali pa Genesis 2:7 ndi Yohane 21:9. Pa Genesis akuti Yehova Mulungu anaumba munthu ndi dothi lapansi, nauzira mpweya wa moyo m'mphuno mwake, munthuyo nakhala wamoyo. Pa Yohane akuti ophunzira atatsika m'ngalawa anapeza moto wamakala uli kale pagombe, nsomba ili pamotopo, mkate uli pambali.

Kalekale, zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, kunali mkulu wina wa Chigiriki ku Sicily dzina lake Empedocles, iyeyu ankaphunzitsa kuti chilichonse chimene timachionachi chinapangidwa ndi zinthu zinayi basi, dothi, madzi, mphepo ndi moto. Ana athu aku sekondale akuuzani kuti ayi, asayansi anapeza kuti zilipo 118, ndipo akunena zoona. Koma ine ndikamaona moyo wa kuno kunyanja ndimati mkulu ujayo sanaphonye kwenikweni, poti agogo aku Lifuwu amene sanamvepo dzina lake tsiku lonse amangolimbana ndi zinayi zomwezi, matope a m'munda wa mpunga, madzi apamjigo, mphepo yopetera, ndi moto wapamafuwa.

Taonani mayi woumba mbiya. Amakakumba dongo kudambo, osati dothi lililonse ayi, amadziwa pamene pali labwino. Akafika nalo amalisinja, kuchotsa timiyala ndi timizu, kuwaza madzi pang'onopang'ono nkumalikanya mpaka limvere dzanja, chifukwa fumbi louma siliumbika, ndiye mukawerenga Genesis 2:6 mupeza kuti Mulungu asanaumbe munthu panayamba pakwera nkhungu nkunyowetsa nthaka yonse. Mayi uja akaumba amasalaza ndi chitsononkho, nkuyiika mbiyayo pamthunzi masiku angapo kuti mphepo iyiumitse mosathamanga, ikauma mwaphuma imang'aluka. Pomaliza ndi pamene amaiwotcha, ndipo isanalowe pamoto simungatungiremo madzi, ingosungunuka nkubwerera kumatope. Yesaya 64:8 akuti ife ndife dongo, Inu ndinu Muumbi wathu. Thupi lanu lomwe mwadzuka naloli, kuposa theka ndi madzi, mpweya ukulowa ndi kutuluka inu osaulamula, ndipo mukagwira pakhosi pakufunda.

Ndiye zimandiwawa ndikamva Mkhristu akuyankhula ngati za dothi ndi madzi ndi zachabe, akuti ife tikupita kumwamba zapansi pano zitikhudza chani. Ambuye Yesu sananyansidwe ndi dothi. Pa Yohane 9 analavula pansi, nakanya thope ndi malovu ake, nkumupaka wakhungu uja m'maso, kenako anamutuma kukasamba ku thamanda la Siloamu. Akanatha kungonena mawu munthuyo nkupenya, nanga si anachitapo choncho kwa ena, koma apa anasankha thope ndi madzi. Ubatizo wathu ndi wamadzi. Mgonero ndi mkate wochokera m'nthaka. Tsiku la Pentekoste Mzimu anabwera ndi mkokomo ngati wa mphepo yamphamvu ndi malilime onga amoto.

Ndisamveke molakwika, sitipembedza nyanja kapena phiri, Aroma 1:25 anatichenjeza kale za kutumikira cholengedwa nkusiya Mlengi. Francis wa ku Assisi, munthu wa Mulungu wa ku Italy, cha m'ma 1225, potamanda Mulungu ankatchula mphepo ndi moto kuti abale ake, madzi kuti mlongo wake. Ine ndimagwirizana naye. Mbale wako sumugwadira, koma sumupondanso pamutu.

Za mphepo sindichulutsa, asodzi amaidziwa kuposa ine. Mwera ukayamba kuwomba miyezi yozizira ija, Juni, Julayi, ngakhale mwini chilimira ali ndi ngongole yotani amakokera boti pamchenga nkudikira. Dzinja likafika ndi mpoto. Palibe anaitanapo mphepo ndipo palibe anaibwezapo kupatula Iye amene anadzudzula namondwe pa Marko 4. Madzinso chimodzimodzi. Mu 2024 tinaona Dwangwa atasefukira, mabanja ambirimbiri kusowa pogona, chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa gombe, olemera ndi osauka tonse tinangoima nkumayang'ana. Makolo athu ankadziwa kuti madzi amafuna ulemu. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu Makanjira, mpaka lero dzinja likafika amatseka usodzi miyezi ingapo, ndipo chikatsegulidwa pali malamulo ake, mowa ayi, chamba ayi, juga ayi. Ena amati nzamizimu zimenezo, koma taonani nsomba zimene zimatuluka ku Mbenji poyerekeza ndi madoko amene timakokako khoka la usikiti wa udzudzu chaka chonse. Nanga Mulungu sanalamule pa Levitiko 25 kuti nayonso nthaka izipuma chaka chachisanu ndi chiwiri?

Koma nkhani yanga yeniyeni m'mawa uno ndi moto. Dothi tinalipeza, mvula imagwa yokha, mphepo imaomba komwe yafuna. Moto wokha ndi umene umadikira dzanja la munthu, iwe ndi amene umakhwatcha machesi, iwe ndi amene umasankha poukoleza.

Achewa akale anali ndi nthano ya ku Kaphirintiwa, kumapiri a Dzalanyama. Amati pachiyambi dziko linali louma lopanda chamoyo, kenako kumwamba kunatseguka mvula nkugwa, Chauta anatsika pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, nkuponda pathanthwe likadali lofewa mapazi awo nkudindika pomwepo. Ankakhala onse pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu anatenga timitengo tiwiri nkuyamba kupekesa, moto nkubuka, tchire lonse nkuyaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, nyama zina zonse zinathawira kutali zitakwiya ndipo udani unayambira pomwepo, Chauta nayenso anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Si Baibulo limeneli, ndi nthano ya makolo, koma ndikamaimva ndimamva fungo la Genesis 3 momwemo, munthu watenga m'manja chimene sadziwa kuchisamala, mtendere wapakati pa iye, chilengedwe ndi Mulungu nkusweka tsiku limodzi.

Ndipo nthano imeneyi sinathe abale. Miyezi ino ya chilimwe tayang'anani usiku kumapiri a ku Thuma ndi m'mbali mwa msewu wopita ku Lilongwe, mizere yofiira ya moto ikukwera phiri, m'mawa lupsa lokhalokha, mphukira za mitengo zapserera, udzu wofolera nyumba wapita, nthawi zina chifukwa cha mbewa zosadzaza ndi kambale komwe. Ku Dzalanyama komwe kuja mauvuni amakala akufuka, ndipo kumeneko ndi kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, umatsika nkudzathira mu Linthipe, Linthipe nkudzathira m'nyanja kuno kwathu ku Salima. Ndiye phiri likametedwa kumtunda uko, mvula yoyamba imakokolola dothi lonse nkulibweretsa kuno, madzi kufiira, matope kukwirira mchenga pamene chambo chimakonza zisa zake. Ku Nkhotakota mpasa umakwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira pamiyala, miyalayo ikakwiririka ndi matope uikira pati? Moto umodzi wawononga dothi, dothi lawononga madzi, ndipo utsi wake ndi umene ana athu akupuma.

Sindikuloza chala bambo amene amakankha njinga ya matumba atatu amakala kuyambira mbandakucha, thukuta lili kamukamu, kuti ana apeze ya ufa ndi ya fizi. Amene timagula ndife, amene timati magetsi ndi odula komanso amazimazima ndife, tonse tili momo. Koma pali zina zoti sitinganamizire umphawi. Kuyatsa tchire chifukwa choti wadutsapo ndi ndudu si umphawi. Kuwotcha mapesi onse m'munda pomwe akanawolerana nkudyetsa nthaka si umphawi. Chitetezo mbaula chija choumbidwa ndi dongo chimadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo amayi a m'midzi yathu momwemu amaumba. Mvula ikayamba mbande zimapezeka, kubzala ndi kusamalira mtengo umodzi mpaka ukule ndi ntchito ya Adamu yomwe ija ya pa Genesis 2:15, kulima munda ndi kuusunga.

Tsopano tibwere kwa Petro. Mu uthenga wa Yohane moto wamakala ukupezeka kawiri. Woyamba uli pa Yohane 18:18, pabwalo la mkulu wa ansembe, usiku kukuzizira, antchito ndi alonda asonkha makala akuwotha, Petro nayenso waima pomwepo akuwotha nawo pamene Mbuye wake akufunsidwa mafunso mkatimo. Pamoto umenewo ndi pamene anakana katatu kuti munthuyu sindimudziwa, tambala nkulira. Wachiwiri ndi wa pa Yohane 21, m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya. Anyamata agwira ntchito usiku wonse osapha kanthu, inu a ku Senga Bay mukudziwa nkhope ya msodzi wobwera chimanjamanja, mafuta a injini apita, maso ali psuu ndi tulo, amayi ogula usipa akudikira ndi mabeseni opanda kanthu. Yesu anawauza kuti aponye khoka kudzanja lamanja, nsomba zikuluzikulu 153, ndipo pofika pamtunda anapeza Iye wasonkha kale moto. Mwana wa Mulungu, wouka kwa akufa, mabala a misomali ali m'manja, wagwada pamchenga akukoleza makala kuti anthu anjala adye kadzutsa. Sanayambe ndi mlandu wa Petro ayi, anayamba wamudyetsa, kenako ndi pamene anamufunsa katatu kuti kodi umandikonda.

Makala ndi omwewo, kutentha nkomweko. Pamoto wina munthu anakana mnzake kuti apulumutse khungu lake, pamoto winawu munthu wolakwiridwa anaphikira amene anamulakwira. Lero nanunso mukoleza, wina pambaula, wina pa sitovu, wina pa uvuni wa njerwa, wina pothandala powamba nsomba, ndipo Yakobo 3:5 akutikumbutsa kuti lilime nalonso ndi kamoto kakang'ono kotha kuyatsa nkhalango yaikulu, kuphatikizapo kameseji kamene mukufuna kutumiza pa WhatsApp za mlamu wanu musanafunse ngati nzoona. Pali wina pafupi nanu amene anakulakwirani ndipo akuopa kukuyang'anani m'maso. Mukaphika phala m'mawa uno onjezerani kapu imodzi ya ufa, mumuitane.

Tipemphere. Atate, Inu amene munatiumba ndi dothi nkutiuzira mpweya wanu, tikuyamikani chifukwa cha tsiku ili. Sungani asodzi amene akubwerera kumtunda tsopano ndi amene alowe m'madzi madzulo ano. Kumbukirani mabanja a ku Dwangwa ndi a m'mbali mwa nyanja amene mpaka lero sanamangenso bwinobwino. Patsani owotcha makala njira ina yopezera chakudya, ndipo ife ogula mutipatse mtima wosintha. Mutitumizire mvula ya nthawi yake, yosakokolola minda. Gwirani dzanja la mwana amene watenga machesi kulowera kutchire, gwiraninso pakamwa pathu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Muyende bwino ku ntchito, ku sukulu ndi kumunda, ndipo kukutentha kuno, musaiwale kumwa madzi.