Mapepala choyamba, penti pambuyo: za maulendo a magalimoto odutsa mayiko angapo

Zikomo a wapampando, zikomo a gulupu ndi mafumu onse amene muli pano, amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata amene mwadzaza kumbuyoko. Ndapemphedwa kuti ndilankhule chifukwa cha nkhani imene ambiri mwaimva kale pamsika wa Mpondabwino ndi pamalo okwerera minibasi, ya anyamata athu anayi amene ananyamuka mwezi wathawu pa galimoto yopakidwa mizere ya mbidzi, akupita kukalowa nawo mu ulendo wa rally, koma n'kubwerera pa basi galimotoyo ataisiya pachipata cha malire. Mayina sinditchula chifukwa makolo awo ali pompano. Galimoto ija inalibe vuto, ndalama anali nazo, ndipo zovala anasoketsa zofanana mpaka zipewa. Chimene chinawabweza ndi chakuti blue book, pepala la umwini wa galimoto, inali idakali m'dzina la munthu amene anawagulitsa galimotoyo, ndipo munthuyo ali ku Johannesburg, foni yake sikupezeka. Ndiye mawu anga a lero ndi awa, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nawo: konzani mapepala choyamba, penti ibwere pambuyo.

Kwa akuluakulu amene mukudabwa kuti rally n'chiyani, ndifotokoze pang'ono. Pali mpikisano weniweni wa liwiro, monga Safari Rally ya ku Kenya imene inayamba mu 1953, kapena Dakar Rally imene poyamba inkachokera ku Paris mpaka ku Dakar m'dziko la Senegal ndipo kuyambira 2020 ikuchitikira ku Saudi Arabia. Imeneyo ndi ya akatswiri ndi makampani a ndalama zambiri, ndipo si imene ana athu akuifuna. Imene akuifuna ndi ya mtundu wina, imene anthu wamba amapanga timu ya anthu awiri kapena anayi, amasankha mutu woti azidziwika nawo, amakongoletsa galimoto ndi kuvala mogwirizana ndi mutuwo, kenako amayenda dziko ndi dziko kwa masabata angapo, n'kumakumana ndi matimu ena pamalo amene okonza ulendo anaika. Mongol Rally, imene inayamba mu 2004, inatchuka chifukwa chotenga timagalimoto ting'onoting'ono kuchokera ku England mpaka ku Mongolia. Kuno kwathu kummwera kwa Africa kuli Put Foot Rally, imene inayamba mu 2011, ndipo yakhala ikudutsa mayiko monga Namibia, Zambia, Malawi ndi Mozambique, n'kumasonkhanitsa ndalama zogulira ana asukulu nsapato. Magalimoto odzaza zomata ndi mbendera amene ena munawaonapo akulowera kunyanja m'nyengo yozizira kawirikawiri amakhala a maulendo otere. Pamaulendo amenewa wofika woyamba sapatsidwa kanthu, ndipo okonza ulendo sangakuwolotseni malire. Pakauntala mumaima nokha ndi mapepala anu.

Mapepalawo ali pawiri, a munthu ndi a galimoto. A munthu ambiri timawadziwa: pasipoti imene yatsala ndi miyezi yosachepera 6 kuti ithe ndiponso ili ndi masamba opanda chidindo, komanso laisensi ya aliyense amene adzagwire chiwongolero. Chiphaso cha malire chimene amayi a geni amagwiritsa ntchito popita ku Mandimba kapena ku Milange n'kubwerako si cha ulendo wotere. A galimoto ndiwo amagwetsa anthu. Muyenera kukhala ndi blue book yeniyeni, osati fotokope yokha, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) imene siithera pa ulendo, kalata ya apolisi yotsimikizira kuti galimotoyo si yakuba, ndi chilolezo cha MRA chotulutsira galimoto kunja kwa kanthawi. Mukawoloka, dziko limene mwalowalo limakupatsani chilolezo chake cholowetsera galimoto kwa kanthawi, chimene madalaivala amangochitchula kuti TIP. Pepala limeneli lili ndi tsiku lothera, ndipo mumalibweza potuluka. Tanthauzo lake ndi lakuti mwalonjeza boma la eni ake kuti galimotoyo mudzatuluka nayo, choncho ikakufererani ku Chipata kapena ku Tete simungaigulitse kwa makaniko wa m'mbali mwa msewu n'kukwera basi, chifukwa m'mabuku mwawo muli ndi ngongole ya msonkho wa galimoto yonseyo.

Za inshulansi ndiimepo pang'ono, chifukwa apa anthu amataya ndalama pachabe. Inshulansi yanu ya kuno imathera pamalire. Pali khadi yachikasu ya COMESA, imene mumagula ku kampani yanu ya inshulansi musananyamuke, ndipo imagwira ntchito ku Zambia, Zimbabwe, Tanzania, Kenya ndi mayiko ena angapo. Ku Mozambique sigwira, choncho mukalowera pa Zobue kuchokera ku Mwanza, kapena pa Calomue kuchokera ku Dedza, mumagula inshulansi yawo pomwepo. Ganiziraninso kuti amene akupita ku Zimbabwe kudzera ku Tete amatuluka pa Mwanza, kulowa pa Zobue, kutuluka pa Cuchamano ndi kulowa pa Nyamapanda, maofesi anayi mwina tsiku limodzi, ndipo paliponse munthu wina amayang'ana dzina la pa pasipoti n'kulifananiza ndi dzina la pa blue book. Mapepala choyamba, abale anga.

(Bambo wina anaimirira n'kunena kuti: "Pepani akuluakulu, ine galimoto yanga ndinagula kwa alamu anga, tinalemberana kalata pamaso pa amfumu ndipo anadinda. Kodi imeneyo siikwanira? Ndipo zikavuta, munthu sangangopereka ya fanta n'kudutsa?")

Zikomo bambo, khalani pansi, mwafunsira anthu ambiri amene akuchita manyazi. Ndiyambe ndi kalata ya amfumu, ndipo a gulupu mundikhululukire. Kalata imeneyo ndi yolemekezeka ndipo ikhoza kukuthandizani pa mlandu wa pabwalo alamu anu atakana kuti munawalipira. Koma ofisala wa kasitomu wa ku Zambia kapena wa ku Mozambique sadziwa amfumu athu, sadziwa chidindo chawo, ndipo ntchito imene anapatsidwa ndi yoletsa magalimoto akuba kuwoloka malire. Iye amaona zinthu zitatu: dzina la mwini pa blue book, nambala ya chassis ndi nambala ya injini. Ngati dzinalo si lanu, njira zilipo ziwiri. Yoyamba, imene ine ndikulimbikitsa, ndi yakuti mutengane ndi alamu anuwo mupite ku Road Traffic mukasinthe umwini, galimoto ikhale m'dzina lanu, pakuti zimenezi zidzakuthandizaninso tsiku la ngozi kapena tsiku logulitsa, ngakhale musapite ku rally. Yachiwiri, ngati galimotoyo ndi yobwereka, ndi yakuti mwini wake alembe kalata yokulolani kutuluka nayo, yotchula dzina lanu, nambala ya galimoto, mayiko amene mupite ndi masiku ake, ndipo ailumbirire kwa loya kapena kwa Commissioner for Oaths, n'kuphatikizapo fotokope ya chitupa chake. Galimoto ikakhala ya ngongole ya kubanki kapena ya kuntchito, kalatayo ichokere kubanki kapena kwa abwana a kampani. Onaninso ngati injini inasinthidwapo, chifukwa magalimoto athu ambiri anabwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndipo ena anaikidwa injini ina ku garaja popanda kukalembetsa, moti nambala ya pa chitsulo ndi ya pa pepala zimasiyana.

Tsopano za fanta zija. Ndikudziwa kuti timalankhula choncho pamsewu, koma dzina lake ndi ziphuphu, ndipo ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe, kuno ndi kunja komwe. Tisiye kaye za mlandu, tingowerengera. Mutapezadi munthu wokulowetsani popanda pepala loyenera, mwalowa m'dziko la eni ndi galimoto imene m'mabuku mwawo mulibe. Kutsogoloko kuli zipata za apolisi, ndipo pamapeto pali chipata chotulukira chimene chidzafuna TIP imene mulibe. Pamenepo simulinso mlendo wosowa pepala, muli munthu wozembetsa galimoto, m'dziko limene mwina chilankhulo cha muofesi ndi Chipwitikizi. Chenjeraninso ndi anyamata amene amakuthamangirani pachipata akuti akuthandizani. Pasipoti ndi blue book musapereke m'manja mwa munthu wopanda yunifolomu, ndipo ndalama iliyonse muzilipira pakauntala n'kulandira lisiti.

Ndibwere ku nkhani ya mutu wa timu, imene achinyamata mwaidikira. Kongoletsani ndithu, chifukwa chisangalalo cha ulendowu chili pamenepo, ndipo ndingakondwe kuona timu yovala chitenje cha kwathu kapena yojambula chambo ndi phiri la Zomba pachitseko. Koma pali zinthu zimene mutu wanu usakhudze. Zovala za mawangamawanga zonga za asilikali musavale, chifukwa ku Zimbabwe ndi ku Zambia munthu wamba saloledwa kuvala zimenezo, ndipo inu okulira pafupi ndi Cobbe Barracks simufunika kuuzidwa kawiri. Magetsi abuluu ndi sayirini ndi za apolisi. Nambala ya galimoto, magetsi ndi magalasi zisaphimbidwe ndi zomata. Ngati mwasintha mtundu wonse wa galimoto, kumbukirani kuti blue book imatchula mtundu wake, ndiye galimoto yolembedwa kuti ndi yoyera ikafika pachipata ili yobiriwira mudzakhala ndi zofotokoza. Apa mukuona chifukwa chake ndikuti mapepala choyamba, penti pambuyo.

Zigoba zobisa nkhope nazo muzivula mukamayandikira apolisi, chipata kapena mudzi. Tonse tikukumbuka chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Mudzi wa ku Zambia kapena wa ku Mozambique suli wosiyana ndi wathu. Galimoto yachilendo ikaima madzulo, n'kutulukamo anthu anayi obisa nkhope, musayembekeze kuti akulandirani ndi madzi akumwa. Fikani kudakali kowala, funsani kwa amfumu, perekani moni monga munaphunzitsidwa kwanu. Ndipo pano ndidzudzule mbali zonse ziwiri. Inu oyenda, musamaponye maswiti pawindo galimoto ikuyenda. Inu makolo a ku Chinamwali, Songani ndi Domasi, ana athu amathamangira magalimoto a alendo pamsewu wa M3 ife tikuyang'ana, ena mpaka kuseka. Ngati timu yanyamula nsapato kapena makope, ikambirane ndi aphunzitsi aakulu, ikapereke pasukulu, ndipo katunduyo imuonetse kwa a kasitomu polowa.

Galimoto yeniyeniyo muiyese musanaikhulupirire, ndipo ife a ku Zomba tili ndi mwayi chifukwa poyesera tili napo pakhomo. Kwezani anthu onse a timu ndi katundu yense amene mudzanyamule, mukwere msewu wa Ku Chawe masana dzuwa likuswa mtengo, muone ngati injini ikutentha. Potsika mumve mabuleki ngati akununkha, ndipo muphunzire kutsika ndi giya yaing'ono m'malo mopondereza buleki njira yonse. Sienta imene imayenda bwino pakati pa Zomba ndi Limbe ikhoza kukhula pansi ikalemedwa pamsewu wa miyala wa ku Namibia, kumene midzi ndi malo omwetsera mafuta zimatalikirana kwambiri. Usiku musayende. Ku Botswana, pamsewu wochokera ku Nata kupita ku Kasane, njovu zimawoloka nthawi iliyonse, ndipo ng'ombe ndi abulu zimagona pa tala. Kumeneko kulinso zipata zoletsa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe, kumene nyama yaiwisi amalanda, choncho kanyenya wanu mudyeretu. Mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu 2021 pakati pa Zambia ndi Botswana, unathetsa kudikira pantoni pa Zambezi, koma mapepala amafunabe onse.

Ndikuona amayi ayamba kuyang'ana dzuwa ndipo kumbuyoko mafoni atuluka, ndiye zotsalazi ndithamanga nazo. Musanatumize ndalama yolembetsera, tsimikizani kuti okonza ulendo ndi enieni, ndipo musatumize pa nambala ya munthu amene mwangomuona pa Facebook. Timu ilembe pa pepala kuti aliyense asonkha zingati, ndani asunga thumba, ndipo galimoto ikawonongeka alipira ndani. Oyendetsa akhale osachepera awiri, ndipo woyendetsa tsiku limenelo asalawe mowa ngakhale ku phwando la matimu. Ndalama zakunja mukafunsire kubanki nthawi idakalipo, pakuti mukudziwa mmene zikuvutira, ndipo mudzafuna metical, kwacha ya ku Zambia, pula ndi rand, kuphatikizapo ya misonkho ya msewu imene ku Zambia ndi ku Zimbabwe amalipiritsa polowa. Nyamulani matayala a sipeya awiri, jeke, chingwe chokokera, chigubu cha madzi, ma triangle awiri, jekete yowala, chozimitsira moto ndi zomata zowala, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo. Funsani nthawi imene chipata chilichonse chimatseka, chifukwa si zonse zimagwira ntchito usiku. Pepala lililonse likhale ndi fotokope, ina m'galimoto, ina kunyumba kwa munthu amene foni yake imapezeka. Amene muli ndi blue book ya dzina la munthu wina, kaya mukupita ku rally kaya ayi, mutsale tikatseka msonkhano kuti a mlembi akulembeni, tipangane tsiku lopitira limodzi ku Road Traffic. Zikomo a wapampando.