N'chifukwa chiyani IR siilira ngati amp yeniyeni?

Muli bwanji nonse. Tili mu studio kuno ku Chibavi, Mzuzu, ndipo kunjaku kwazizira. Mnzanga wabwera ndi flash yodzaza ma impulse response, ma IR aja, akuti amp yake (chokwezera mawu a gitala) ya ma valve, timababu tagalasi tija, akuigulitsa, kompyuta ikwanira. Ndamuuza kuti akhale pansi amve kaye.

Convolution, njira imene kompyuta imagwiritsira ntchito IR, imayenda chonchi. Mumalowa m'tchalitchi mopanda anthu, n'kuomba m'manja kamodzi, phaa! Kenako mumajambula mmene phokosolo likuzimiririra, ndipo chojambulacho ndicho IR. M'malo mwa kuomba m'manja, akatswiri amagwiritsa ntchito kaphokoso kokwera pang'onopang'ono, njira imene Angelo Farina anafotokoza mu 2000. Kompyuta imatenga chojambulacho n'kuchiveka pa mawu a woimba wanu, ndiye amamveka ngati waima m'tchalitchimo. Sony inatulutsa makina otere, DRE-S777, mu 1999. Pa chipinda kapena pa bokosi la sipika ya gitala, njirayi imagwira bwino kwabasi.

Koma masamu ake amafuna chinthu choyankha mofanana, kaya mwachimenya pang'ono kaya mwamphamvu. Makoma a tchalitchi ali choncho. Valve ayi.

Tamverani. Ndikhudza nsambo pang'ono. Mawu oyera, eti? Tsopano ndimenya mwamphamvu. Mwamva kukhakhalako? Mukalowetsa mawu a 100 Hz (onjenjemera ka 100 pa sekondi) mu amp imene mwaikankha, imatulutsanso 200 Hz ndi 300 Hz, mawu amene simunaike. Convolution singabereke mawu atsopano. Imangokweza, kutsitsa kapena kuchedwetsa amene alipo kale.

Compressor, makina ofinya mawu akakwera kwambiri, ndiye nkhani ina. M'kati mwa compressor yotchedwa LA-2A muli kachipangizo kowala ndi kena komva kuwalako, ndipo nthawi imene imatenga kuti isiye kufinya mawu imadalira zimene yangomva kumene. Imakumbukira. IR imodzi ilibe chikumbumtima chotere, inajambulidwa kamodzi basi. Tepi nayonso liwiro lake limagwedera, pamene fayilo siisuntha.

Anthu anayesa kuzemba vutoli. Focusrite Liquid Channel ya mu 2004 imasunga ma IR ambiri, lililonse la mphamvu yake ya mawu. Nebula ya Acustica Audio imatsamira pa masamu a Volterra. Zimayandikirako ndithu, koma laputopu yanga imatentha ngati mbaula, ndipo magetsi akazima batire silichedwa kutha.

Ine bokosi la sipika ndi chipinda ndimazisiyira IR, kukhakhala ndimakufuna kwina. Mnzangayu akulimbikirabe zogulitsa amp, ndiye ndamufunsa mtengo.