Mayi wa mwana wolakwa: buku lomwe ndawerengera m'takisi

Moni abale anga nonse, kaya muli ku Joni konkuno, kaya ku UK, kaya kumudzi komwe mwatchera khutu pa foni. Ndabweranso, mlongo wanu wa ku Cape Town. Mukamva phokoso kumbuyoku musadabwe, ndi mphepo ya kuno ikumenya malata.

Lero ndikufuna tikambe za buku. Ntchito yanga mukuidziwa, ndi ya m'nyumba: kukolopa, kuchapa, kusita, kulera ana a eni ake. Ndimadzuka kusanache, takisi ziwiri popita, ziwiri pobwera, ndipo nthawi yomwe ndingati ndi yangayanga ndi ya m'takisimo basi. Mwezi wathawu madamu anga amachotsa mabuku akale kuti akapereke kwina. Ine ndinapempha limodzi chifukwa pachikuto panali dzina la mayi wakuda, Sindiwe Magona.

Mayi ameneyu anabadwa mu 1943 ku Transkei, dera la kum'mawa kwa dziko lino la Joni, koma anakulira kuno. Kwawo ndi ku Gugulethu, komwe ndimakuona pawindo la takisi. Mwamuna anamuthawa ali ndi zaka 23, n'kumusiya ndi ana atatu. Anagwirapo ntchito ya m'nyumba ngati yangayi, anagulitsapo mitu ya nkhosa kuti ana adye. Usiku ankawerenga, maphunziro a pamakalata, mpaka anakafika ku Columbia University ku New York, n'kudzagwira ntchito ku United Nations zaka pafupifupi 20. Ndiye akamalemba za mayi amene msana ukumuwawa, sakulemba za m'maluwa.

Bukulo ndi Mother to Mother, linatuluka mu 1998. Mu Ogasiti 1993, mtsikana wa ku America, Amy Biehl, wa zaka 26, anaphedwa ndi gulu la anyamata ku Gugulethu komweko, tsankho litatsala pang'ono kutha. Pambuyo pake Magona anadzamva kuti mmodzi mwa anyamatawo anali mwana wa mayi yemwe ankamudziwa bwino. Dziko lonse linalira ndi mayi wa wophedwayo, ndipo kunali koyenera. Koma nanga mayi winayu? Ndiye analemba nkhani m'mawu a mayi wa wakupha, akulankhula kwa mayi mnzake woferedwa.

Chomwe chinandidula mtima si imfayo ayi. N'chakuti tsiku lomwe zinkachitika izi, mayi wa m'nkhaniyo anali kuntchito, m'nyumba ya azungu, akusamala za eni ake. Sanali chidakwa. Sanali mayi wotaya ana. Anapita kukasaka chakudya cha ana omwewo, ndipo mwana anamupulumuka m'manja iye ali kokolopa. Ndinatseka bukulo takisi ili pamzere wa magalimoto pa msewu waukulu wa N2, misozi ili chuchuchu. Mayi wina amene tinakhala limodzi anangondigwira dzanja, osafunsa kanthu.

Abale, ine ndili ndi mnyamata wa zaka 15 ku Ndirande. Ndinamusiya ali mu Sitandade 4. Pano mawu akula, akandiyankha pa WhatsApp ndimakhala ngati ndikulankhula ndi bambo wachilendo. Fizi ndimatumiza pa Mukuru mwezi ndi mwezi, nsapato ndimapatsira a mabasi, koma amene akuyenda naye madzulo sindikuwadziwa. Ndalama siyang'ana mwana m'maso.

Amene akumuyang'ana ndi amayi anga. Ndipo apa ndi pomwe ndimafuna kufika. Mabuku a azimayi olimba mtima ngati awa ndimawakonda chifukwa samuika mayi pampando wa ulemu n'kumuombera m'manja. Amakuonetsa zomwe zinamudyera. Ine ndinakulira m'nyumba ya mayi wotere, koma ndinalibe maso. Bambo atamwalira, amayi ankakazinga mandasi tambala asanalire, mafuta atawathethekera m'manja mpaka lero zipsera zilipo. Mandasi atalephera kutilipirira sukulu, anayamba kugulitsa kachasu mobisa, mabotolo ali pansi pa thumba la makala. Lamulungu ankavala yunifolomu ya chigwirizano n'kupita kutchalitchi, anthu akuwaloza chala kumbuyo. Ine ndinkachita nawo manyazi, ndinene zoona. Ndalama ankamanga pakona ya chitenje, mfundo yolimba moti ankamasula ndi mano. Ndi mfundo imene ija yomwe inandifikitsa Fomu 4.

Anthu amati amayi anu ndi chitsulo. Chitsulo chanji? Ndinkawamva usiku akubuula, akuganiza kuti tagona. Palibe anawafunsa ngati akufuna kulimba. Pano ali ndi zaka zoti akanapuma, mawondo akuwavuta, koma ndawasenzetsanso mdzukulu wamwamuna wa msinkhu wovuta, ine ndili kuno kusita malaya a ana a anthu.

Ndiye Lamulungu lapitali ndinachita chinthu chomwe sindinachitepo chibwerereni kuno. Ndinaimba foni, osati kufunsa ngati ndalama yafika kapena ngati ufa ulipo. Ndinangoti, "Amayi, nthawi ija ya kachasu, munkaopa?" Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti netiweki yadula. Kenako anati, "Iwe, tsiku lililonse." Tinacheza ola lathunthu, bandulo mpaka kutha. Anandiuzanso kuti mnyamata uja wayamba kufika mochedwa, zomwe akhala akundibisira miyezi itatu kuti ndisadandaule kuntchito.

Ndapempha tchuthi cha Disembala, ndipo ndayamba kusunga ya basi. Bukuli ndalipereka kwa mnzanga wa ku Mangochi amene timagona nyumba zoyandikana. Akamaliza, wina aliyense wa kuno ku Cape Town amene akulifuna anditumizire uthenga, tidzakumana pa siteshoni ya matakisi.