Makina Akalephera Kusamuka mu QEMU, Chifukwa Chake Chimatayika Kuti?

Moni nonse. Lero tikamba za QEMU, pulogalamu imene Fabrice Bellard anaiyamba mu 2003. Ntchito yake ndi kuyendetsa kompyuta yongoyerekeza, virtual machine, mkati mwa kompyuta yeniyeni. Pamodzi ndi KVM, gawo la Linux lothandiza kuyendetsa makina ongoyerekeza limene linalowamo mu 2007, QEMU imatha kusamutsa makina otere kuchoka pa seva ina kupita pa ina osawazimitsa. Ndiyo live migration.

Memory imatumizidwa m'timapeji, nthawi zambiri ta 4 KiB, makina akugwirabe ntchito. Kapeji kakasinthidwa, kamatumizidwanso. Totsala tikachepa, makina amaima kamphindi, n'kudzukira ku seva yatsopano.

Nanga netiweki ikaduka ulendo uli pakati?

Woyang'anira ma seva amafunsa ndi lamulo la query-migrate, yankho n'kubwera lakuti failed. Chabwino, zakanika, koma chakanika n'chiyani? Malo olembapo chifukwa alipo, amatchedwa error-desc, koma mumalowa zokhazo zimene code yasunga. Function, kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi, ikangobweza -1 posonyeza kuti yalephera, chifukwa chija chathera pompo. Kapena ikachisindikiza mu log ndi error_report, munthu amakachisaka yekha pakati pa usiku, makasitomala akumuimbira foni. Ine zimenezi zimandipweteka, chifukwa pulogalamuyo inkadziwa chimene chalakwika.

Kukonza kwake n'kwakuti function iliyonse ilandire errp, malo osungiramo uthenga wa vuto, ilembemo vutolo ndi error_setg, n'kupatsira imene inaiitana, mpaka uthenga ukafike pamwamba. Kumeneko amasunga vuto loyamba lokha. Ndipo m'pomveka: pa multifd, pomwe memory imadutsa njira zingapo nthawi imodzi, njira imodzi ikagwa zinzake zimagwa motsatira, iliyonse n'kumadandaula. Gwero ndi loyamba lija.

Tsono tamvani izi. Uthenga wa vutowo nawonso umatenga malo mu memory. QEMU inalembedwa m'chinenero cha C, mulibe wosesa m'mbuyo mwanu. Chimene mwatenga mubweze nokha, apa ndi error_free. Function ikatuluka mothamanga chifukwa zinthu zavuta, kubweza kumaiwalika. Imeneyo ndiye memory leak, memory yodontha.

Mwina mukuti ndi timabyte tochepa. Koma kusamuka kukalephereka, makina aja amapitiriza ntchito pa seva yakale, mwina miyezi, ndipo nthawi iliyonse imene ayesanso n'kulephera, dontho lina lagwa.

Olemba code amadalira g_autofree ndi g_autoptr za GLib (nkhokwe ya code yopangidwa kale imene QEMU imagwiritsa ntchito), zimene zimabweza memory zokha function ikamatuluka, kaya yatulukira khomo liti. Zida zoyesera pulogalamu, AddressSanitizer ndi Valgrind, zimagwira leak, koma zimangoona njira imene pulogalamu yadutsamo poyesedwa. Choncho mukamayesa, musangosamutsa makina zinthu zili bwinobwino. Dulani netiweki dala kusamuka kuli mkati, kenako muyang'ane ziwiri: zimene zalembedwa mu error-desc, ndi memory imene yatsala osabwezedwa.