Mazira achuluka, koma abwino ndi angati?

Tayerekezani kuti mukuona kadontho pa sikirini ya maikulosikopu. Limeneli ndi dzira la pusi wa mtundu wa rhesus, lokula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Apusi amenewa amasamba pakatha masiku pafupifupi 28 ngati amayi, n'chifukwa chake malo ofufuzira monga Oregon National Primate Research Center ku America amawadalira pophunzira za kubereka.

Mwachibadwa, pusi wamkazi amakhwimitsa dzira limodzi pamwezi. Akamubaya jakisoni wa homoni ya FSH kwa masiku angapo, timatumba ta mazira timakula tambirimbiri nthawi imodzi. Kenako amamubaya hCG, homoni ina yothandiza kuti mazira akhwime, ndipo pakatha tsiku limodzi ndi maola ena, amayamwa mazirawo ndi kasingano.

Apa ndiye pagona nkhani. Mazira atuluka ambiri, inde, koma sikuti onse ndi okhwima. Pa maikulosikopu, wofufuza amayamba wachotsa maselo okuta dzira, n'kufunafuna kampira kakang'ono m'mphepete mwake, kotchedwa polar body. Kakapezeka, dziralo lafika pa siteji ya MII, lakonzeka kukumana ndi umuna. Likamaonetsabe kachibulunga pakati, ndiye kuti likadali laliwisi.

Komatu maso amanamiza. Dzira likhoza kuoneka losalala bwinobwino, pomwe m'kati zinthu zasokonekera. Pusi wa rhesus ali ndi ma chromosome (tinthu ta m'maselo tonyamula malangizo a chibadwa) 42, anthufe tili ndi 46, ndipo dzira lake liyenera kupereka 21 ndendende. Imodzi ikangowonjezereka kapena kusowa, kawirikawiri mluza umafera m'njira. Ndiye ena amaunika ndi kuwala kwapadera timaulusi timene timagawa ma chromosome, kuti aone ngati tafola bwino.

Kwa ine, muyeso wosatsutsika ndi kudikira. Amalowetsa umuna, n'kumawerenga: maselo 2, 4, 8. Miluza yofika pa blastocyst (kampira ka maselo ambiri kokhala ndi mphako m'kati) patatha pafupifupi sabata ndi imene inachokera ku dzira lamphamvu, chifukwa masiku oyambirirawo mluza umadalira kamba amene dzira linasunga.

Pali kenanso kodabwitsa. Mahomoni obayawa nthawi zambiri amakhala a munthu, ndiye thupi la pusi limatha kuwaona ngati mdani n'kupanga chitetezo cholimbana nawo. Mukabwereza mankhwalawo kangapo pa pusi yemweyo, timatumba tija sitimvanso, ndipo mazira amayamba kuchepa.