Makalata a omvera: banja likatha, udindo wa makolo kwa mwana umathanso?

Kalata yathu yoyamba lero yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti tisatchule dzina lake. Akuti: "Ndinabereka mwana ndi bambo amene sitinalowe naye m'banja. Mwanayo tsopano ali ndi zaka 7, koma bambo ake anasiya kuthandiza atangokwatira mkazi wina, ndipo akunena kuti popeza sitinakwatirane, palibe lamulo limene lingawakakamize. Kodi zimenezi ndi zoona?"

Mayi, zimene akukuuzani bambo a mwanayo si zoona. Gawo 23 la Malamulo oyendetsera dziko lino likunena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, mosayang'ana mmene anabadwira, ndipo likunenanso kuti mwana aliyense ayenera kulandira chisamaliro chokwanira kuchokera kwa makolo ake, kaya makolowo ali pabanja, sanakwatirane, kapena banja lawo linatha. Mfundo imeneyi si ya kuno kokha, chifukwa pangano la ufulu wa ana limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1989 likutinso udindo wolera mwana ndi wa bambo ndi mayi onse awiri. Chimene ambiri amasokoneza ndi kuganiza kuti ndalama zosamalira mwana ndi mphatso yopita kwa mayi, pamene mwini wake wa ndalamazo ndi mwanayo. Mwana sanasainirane nawo za chikondi chanu, ndipo kutha kwa chikondicho sikumulanda ufulu wake wodya, kuvala, kukhala pamalo abwino, kupita kusukulu ndi kulandira chithandizo akadwala.

Mukhoza kukadandaula ku khothi loona milandu ya ana, malinga ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010. Khothi likamagamula kuchuluka kwa ndalama, limayang'ana zimene kholo lililonse limapeza, chuma chimene lili nacho, ana ena amene likuwasamalira, ndi kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwanayo akukhala. Apa ndiyenera kukuchenjezani kuti khothi lidzafunsanso za mapezedwe anu, pakuti udindowu ndi wa nonse awiri. Choncho musanapite, sonkhanitsani malisiti a kusukulu ndi a kuchipatala, kalata ya kubadwa kwa mwana, ndi mauthenga alionse a pafoni amene bamboyo anavomerezamo kuti mwanayo ndi wake. Akayamba kukana mwanayo, khothi lili ndi mphamvu yogamula za ubambo wake, ngakhale kulamula kuti ayezedwe magazi. Ngati mulibe ndalama zolipirira loya, bungwe la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwa kuti lizithandiza anthu otere.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo amene akuti: "Ntchito inandithera miyezi inayi yapitayo, ndipo mayi wa ana anga akundiletsa kuwaona anawo mpaka nditayambanso kupereka ndalama zimene khothi linalamula."

Bambo, pamene munalakwitsa ndi pongosiya kupereka mwakachetechete, chifukwa chigamulo cha khothi chimagwirabe ntchito mpaka khothi lomwelo litachisintha, ndipo miyezi imene simunapereke imasanduka ngongole. Bwererani kukhothi ndi kalata yosonyeza kuti ntchito inatha, mukapemphe kuti ndalamazo zichepetsedwe mogwirizana ndi mmene zinthu zilili tsopano. Mayi wa anawo nayenso akulakwitsa, chifukwa kuonana ndi bambo ndi ufulu wa ana eniakewo, si chikole chogwirira ngongole, pokhapokha ngati khothi litaona kuti kuonanako kungaike anawo pachiopsezo.

Omvera wina wafunsa mwachidule kuti udindo umenewu umatha liti. Kuyambira mu 2017, pamene Nyumba ya Malamulo inasintha gawo 23 lija, mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18, pomwe kale malire anali zaka 16. Komabe ngati mwanayo wakwanitsa zaka 18 akadali pasukulu, khothi likhoza kulamula kuti chisamaliro chipitirire mpaka atamaliza maphunziro ake.